Tsiku Limene a Tupa Anabunthitsa Chikwanje

Mwezi wathawu tinaika m'manda mkulu amene ambiri a ife tinkangowadziwa kuti a Tupa. Dzinali linachokera pa tupa, chitsulo chonolera chija, chimene sichinkachoka m'thumba la jekete lawo. M'tchalitchi ankakhala pabenchi lomaliza, pafupi ndi khomo. Dzanja lawo lamanzere linali ndi zala zitatu. Achinyamata ankawaseka pa zinthu ziwiri: sankanola chitsulo asanamufunse mwini wake kuti, "Mukadula nacho chiyani?" ndipo sankachoka pamalo, ngakhale pachigayo, asanatsanzike munthu aliyense payekha. Tikulemba mbiri yawo kuti amene ankaseka adziwe kumene makhalidwe awiriwa anachokera.

A Tupa anabadwira m'nyumba ya mfuu. Bambo awo anali munthu wa dzanja lofulumira, ndipo akamwa, mbale zinkauluka. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri anali ataphunzira kale ntchito yawo yoyamba: akamva bambo akubwera akuimba, ankatolera mipeni yonse ya m'nyumba n'kukaikwirira paphulusa kuseri. Tsiku lina anaiwala umodzi. Mayi awo anakhala ndi chipsera chochokera pakhutu kufika pachibwano mpaka imfa yawo. Mayi omwewo ndi amene anawaphunzitsa kupemphera, nthawi zina milomo ili yotupa, ndipo m'pempherolo dzina la bambo silinkasowa.

Atasinkhuka anatengedwa ndi malume awo, osula makasu. Poyamba ankaopa kugwira chilichonse chakuthwa. Malumewo anawauza kuti, "Mphwanga, chitsulo chilibe mlandu. Mpeni wobuntha ndi umene umavulaza mwini wake. Ukanola bwino khasu la mayi wamasiye, wamuchitira chifundo msana wake." Mawuwa anawasunga, ndipo kunola anakuona ngati njira yawo yotumikira Mulungu.

Ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi anawoloka malire pamodzi ndi anzawo kukafuna ntchito. Anakathera m'mudzi wina wa m'chigwa, wa msewu umodzi wafumbi, mjigo umodzi ndi katchalitchi ka malata. Anamanga kachisakasa m'mbali mwa msewu, n'kulumikiza mwala wonolera ku njinga yakale, kuti akamapalasa mwalawo uzizungulira. Eni mudzi ankabwera kudzaonerera moto ukuthetheka, n'kumati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Chilankhulo chawo anachiphunzira mogwa n'kudzuka. Belu la tchalitchi, lomwe linali chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo, ankaliimba iwowo, m'mawa uliwonse, zaka makumi atatu.

Anakwatira mwana wa m'mudzimo. Anakhala naye zaka khumi ndi ziwiri, opanda mwana, kenako matenda anamutenga, n'kuikidwa kuseri kwa tchalitchi. Anthu akwawo anawauza kuti abwerere kumudzi. Iwo anangoti, "Nanga udzu wa pamandapa azizula ndani?"

Panalinso china chowagwira: mlamu wawo, mchimwene wa malemuwo, wowotcha makala, munthu wamkulu thupi ndi mawu omwe. Awiriwa sankakumana osanyozana.

"Alamu, inu munabwera ndi chiyani kuno?" ankatero wamakalayo. "Nsapato imodzi ndi njala!"

"Ndinabwera ndi maso, alamu. Pakhomo panu ponse ndinapezapo chabwino chimodzi chokha. Ndinatenga chomwecho, inu n'kukusiyani."

Akatero ankaseka mpaka kutsokomola, n'kugawana chimene chinalipo.

Pamsonkhano uliwonse wa mpingo, a Tupa ankaimirira ndi pempho limodzi: kuti amuna agwirizane tsiku lokadula minga imene inali itameza manda. Ankayankhidwa ndi phwete. "Khalani pansi, a Tupa, akufa sadandaula."

Kenako mvula inakana zaka ziwiri zotsatizana. Pamjigo panayamba ndewu. Mawu akuti "obwera", amene kale sankamveka, anayamba kutuluka m'kamwa mwa anthu ngati malovu: obwera atha madzi, obwera alanda minda, obwera akunenepa ife tikuuma. A Tupa akafika pagulu nkhani inkaduka. Anaziona, koma anati njala imafupikitsa mawu, n'kuwonjezera mapemphero.

Lachinayi lina m'mawa anapeza amuna atandanda pachisakasa chawo, aliyense ndi chikwanje. Sinali nyengo yoswa mphanje, ndipo panalibe maliro. A Tupa anaganiza chinthu chimodzi chokha, mtima wawo n'kudumpha.

"Mwamva tsopano! Ndi za kumanda zija, eti?"

Amunawo anayang'anana. Mnyamata wina wamtali, amene ankayenda ndi wenzulo pakhosi, anayankha kuti, "Eya, mdala. Za kumanda."

"Ndiye bwezani ndalama zanu m'matumba. Ntchito ya Mulungu sindilipiritsa."

Anapalasa tsiku lonse osadya. Ananola zikwanje makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, chilichonse n'kuchiyesa paubweya wa pamkono, n'kuchipereka ndi mawu akuti, "Ambuye adalitse manja." Mlamu wawo anabwera pomaliza. Tsiku limenelo sananyoze. Anangoti, "Alamu, bwanji mawa mupite kutauni mukagule mwala watsopano? Mukagone konko masiku angapo."

"Ndisowe pa tsiku limene ndalipempha zaka zonsezi? Mwayamba kumwa m'mawa, alamu?"

Wamakalayo anatenga chikwanje chake n'kuchoka osatembenuka.

Loweruka dzuwa litangotuluka, a Tupa atamaliza kuimba belu, wenzulo analira kumsewu. Anatsika ndi khasu paphewa, akuganiza kuti anthu akusonkhana. Choyamba kuona chinali utsi. Kenako mbuzi ya munthu wina wakwawo ikudzikoka m'fumbi, miyendo yakumbuyo itadulidwa. Akazi ankathamanga ndi ana kumsana, ena opanda nsalu. Zitseko zinkathyoledwa, mabedi n'kuponyedwa pamoto.

Pakhonde la telala, mnzawo amene anawoloka naye malire tsiku limodzi, makina anali atagwa chammbali. Telalayo anali chafufumimba, tepi yoyezera ikadali pakhosi. A Tupa anagwada n'kumutembenuza. Iwo ankadziwa kuti bala la chikwanje chobuntha limakhala lophwanyikaphwanyika. Ili linali losalala, lolowa kamodzi. Anazindikira ntchito ya manja awo monga mmene munthu amazindikirira zolemba zake.

Gulu la amuna a zikwanje aja linawapeza pomwepo. Linawakokera pachisakasa chawo, chimene chinali chitayamba kale kuyaka, likuwamenya ndi mipini kumsana ndi m'nthiti. Mnyamata wa wenzulo uja anakweza dzanja kuti anthu akhale chete, n'kuitana wamakala.

"Uyu ndi wako. Yamba ndiwe, tione ngati magazi ako ndi athu kapena unawagulitsa pamodzi ndi mlongo wako."

Anamukankhira kutsogolo. A Tupa anayang'ana mlamu wawo n'kuona kuti watsinzina. Chikwanje chinatsika. Iwo anakweza dzanja lamanzere, ndipo zala ziwiri zinagwera m'fumbi la zitsulo. Wamakalayo anawaponda pachifuwa, n'kuwagubuduzira m'ngalande, akukuwa kuti, "Watha uyu! Tiyeni kwina!" Gulu linamutsata. Kaya unali mantha, kaya chinali chifundo, a Tupa sananenepo moyo wawo wonse.

Amene anawatulutsa m'ngalandemo ndi mayi wamasiye woyandikana nawo, wogulitsa masamba, mbadwa ya m'mudzimo. Anawakokera m'khitchini mwake, n'kumanga dzanjalo ndi mpango wake wa kumutu. Anyamata atatu atabwera kudzafufuza, anawapeza mayiyo ataima pakhomo ndi poto wa madzi owira.

"Alowe woyamba ndimusambitse," anatero. "Inu nonse ndinakuonani muli mbulanda, sindikuopani."

Asilikali anafika madzulo. Obwera onse otsala anawasonkhanitsa m'kalasi imodzi ya pasukulu, anthu makumi anayi, ndipo anakhalamo masiku atatu. A Tupa sankadandaula za dzanja. Ankangoyang'ana mabala a anzawo, limodzilimodzi, milomo ikugwedezeka.

Lachiwiri kunabwera lole yowatengera kumalire. Dalaivala anati anyamuka dzuwa likafika pamutu, wotsala atsale. A Tupa anaimirira n'kulunjika kuchipata.

"Mukupita kuti, mdala?" anafunsa dalaivalayo.

"Kukatsanzika."

"Kutsanzika ndani? Zala zisanu ndi zitatu zatsalazo zakuchulukirani?"

"Ndamwa madzi a anthu awa zaka makumi atatu. Wochoka osatsanzika ndi wakuba."

Msilikali wa pachipata anati iye saperekeza munthu wofuna kufa. A Tupa anamuthokoza n'kutuluka, opanda nsapato.

Anayambira pachisakasa chawo. Chinali phulusa, koma chitsulo sichipsa. Anafukula makasu, nkhwangwa ndi masizasi amene anthu anawasiyira sabata imeneyo. Mipini inali itapsa, koma chilichonse ankachidziwa mwini wake: khasu lobenthuka pakona, nkhwangwa yopindika mphuno. Anaziika m'thumba n'kulikoka ndi dzanja limodzi, khomo ndi khomo.

"Odi! Ndine Tupa. Khasu lanu ili, mpini wapsa, mundikhululukire. Ndikupita kwathu. Tsalani bwino, Mulungu akusungeni."

Zitseko zinali zotseka, koma ankamva anthu akupuma kuseri kwake. Pakhomo lina anawathira madzi otsukira mbale. Pena mwala unawapeza pamsana, iwo n'kugwada, n'kudzukanso. Kwa katekisiti, amene Loweruka lija anakhoma tchalitchi anthu akuthawiramo, anamva munthu akulira kuseri kwa zenera. Anaika pazenerapo kanyundo koimbira belu. "Sikisi koloko, aphunzitsi. Mukachedwa, amayi okalamba amasokonezeka." Pakhomo lina chitseko chinatsekuka pang'ono, dzanja la munthu n'kutulutsa nsapato ziwiri zakale, n'kutsekanso. Anavala, n'kuthokoza chitsekocho.

Mayi wamasamba uja yekha ndi amene anatuluka panja. Anawamwetsa madzi, akuwagwirira kapu.

"Pitani, mwamuna wopusa inu. Ndinakukokani kamodzi, msana wanga sulolanso."

"Khasu lanu ndalinola kale, mayi. Likhalitsa mpaka mvula."

Mayiyo anaphimba nkhope ndi nsalu.

M'thumba munatsala khasu limodzi, lawo lomwe. Dzuwa linali litakwera. Nyumba ya mlamu wawo inali kumapeto kwa mudzi, kutali ndi sukulu, ndipo anadziwa kuti akapitako mwina lole saipeza. Anapita.

Anamupeza kuseri kwa nyumba, atakhala pachitsa pakati pa matumba a makala. Maso anali atalowa. Chikwanje chinali pamiyendo pake, magazi ataumirapo. Panthambi ya mtengo wa mango, pamwamba pake, panali chingwe chatsopano chomangidwa kale mfundo.

"Odi, alamu."

Wamakalayo sanadzutse mutu. "Mwabwera kudzanditemberera. Temberereni msanga, ndili ndi ntchito."

"Ndabwera kudzatsanzika. Koma taonani mmene mwachisungira chitsulo. Ndinakuuzani kangati kuti osachisiya chonyowa?"

"Musaseke, alamu. Telala uja ndinalipo. Sindinamuteme ndine, koma ndinagwira chitseko kuti asalowe."

A Tupa anati, "Inu munagwira chitseko. Ine ndinanola, n'kudalitsa. Sindinafunse bwino, chifukwa ndinkafuna kumva zimene ndinkafuna. Katunduyu ndi wa awiri. Mukadzipachika, mundisiyira ndekha, ndipo ine dzanja ndi limodzi."

Anakhala pansi pafupi ndi mwala waukulu wa pakhomo. "Bweretsani kuno. Gwirani kumpini, ine ndigwire kunsonga."

Wamakalayo anabwera ngati mwana. Anaimika chikwanjecho pamwala, kukamwa kwake kuli pansi, n'kuyamba kuchikhuta uku ndi uku. Chitsulo chinalira moipa. A Tupa, amene moyo wawo wonse sanawonongepo mpeni wa munthu, anakanikiza mpaka bala lawo linatsegukanso, magazi n'kudontha pamwalapo. Atamaliza anachiyendetsa pakhosi pawo. Sichinadule ngakhale ndevu.

Anatulutsa khasu lija m'thumba. "Ili ndi lanu tsopano. Muike mpini. Mlongo wanu sakonda udzu, mukumudziwa. Ndipo telala alibe wake kuno." Kenako analoza kumtengo. "Chingwecho ndipatseni ndimangire katundu."

"Katundu wake uti? Mulibe kanthu."

"Ndikampeza kutsogolo."

Wamakalayo anakwera pachitsa, n'kumasula chingwe, n'kuwapatsa.

Nthawi yomweyo wenzulo analira. Mbiri inali itamveka kuti wonola uja sanafe, akuyendayenda m'mudzi. Pamene awiriwo ankatulukira kumsewu, anyamata oposa khumi anali atatseka njira, miyala ndi zibonga m'manja.

"Unatinamiza, wamakala!" anakuwa wa wenzulo. "Tisiyire timalize."

Wamakalayo anaima kutsogolo kwa a Tupa n'kukweza chikwanje chija.

"Mukuchidziwa ichi. Mukumudziwanso amene anachinola. Amene akufuna kudziwa ngati chimalowa kawiri, abwere."

Palibe anasuntha. Onse anali ataona Loweruka zimene zitsulo za a Tupa zimachita. Awiriwo anayenda pakati pawo, pang'onopang'ono, wamakala akutembenukira uku ndi uku. Atadutsa, miyala inayamba kugwa. Umodzi unang'amba wamakala pamwamba pa diso, magazi n'kutsikira m'kamwa. Wina unamuthyola dzino. Sanathamange, ndipo chikwanje sanachitsitse, mpaka anafika pachipata cha sukulu, lole italiza kale injini.

Anthu anawakokera a Tupa m'mwamba. Wamakalayo anaima pansi, akulavula magazi, n'kuyang'ana kumapazi awo.

"Munabwera ndi nsapato imodzi, alamu. Mukupita ndi ziwiri. Mwapindula."

"Koma chabwino chija ndachisiya konkuno," anatero a Tupa. "Muzichilimira. Tsalani bwino, alamu."

"Pitani bwino."

Sanaonanenso.

Kwathu kuno anafika ali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, atanyamula chingwe chokha. Abale awo ambiri anali atamwalira. Mpingo unawapatsa kachipinda kuseri kwa holo, ndipo anakhala nafe zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kwa chaka chathunthu sanagwire tupa. Anayambiranso tsiku limene anaona mayi wina wokalamba akulimbana ndi nthaka ndi khasu lobuntha. Kuyambira pamenepo ankanola, koma ankayamba afunsa, ndipo yankho likapanda kuwakhutiritsa, ankabweza chitsulocho mwaulemu. Mnyamata wina atawapsera mtima, anamuyankha kuti, "Mwanawe, dzanja ndi lako, koma kukamwa kwa mpeniwu ndi kwanga. Tikayankha tonse."

Sankalankhula zoipa za dziko lija. Wina akanena kuti anthu akumeneko ndi zilombo, ankati, "Kumeneko kuli mayi wina wa poto wa madzi owira. Kuli dzanja limene linandipatsa nsapato, mwini wake sindimudziwa. Ndikatukwana onse ndimutukwana iyeyo." Pa Misa iliyonse ya akufa ankapereka kapepala ka mayina awiri, la mkazi wawo ndi la telala. Zambiri zimene talemba pano anauza bambo mfumu m'chaka chawo chomaliza, n'kulola kuti zidzanenedwe iwo atapita.

Chaka chilichonse mvula ikatha kunkabwera kalata yochokera kunja, ya mizere iwiri kapena itatu, zilembo zikuluzikulu zokhota. Ina inanena kuti wolembayo anakadzipereka yekha n'kukachitira umboni za imfa ya telala, ndipo anakhala m'ndende zaka zinayi, manda akulimira mayi wamasamba. Ina inati minga yonse ya kumanda yadulidwa. Koma zambiri zinkangoti, "Alamu, onse awiri ndalimira. Nsapato zija mubweze."

Lamulungu lawo lomaliza, Misa itatha, anaima pakhomo la tchalitchi n'kugwira chanza aliyense wotuluka, mpaka ana a m'manja. Tinaganiza kuti ndi khalidwe lawo lija. Lolemba anatenga makasu onse a mpingo n'kuwanola. Lachiwiri anapempha mlembi wa parishi kuti awalembere kalata, chifukwa maso anali atafooka. Lachitatu masana anawapeza atakhala pampando wawo pansi pa mtengo, atatsamira, kolona ili m'zala zitatu zija, nkhope ili phee ngati munthu amene wamaliza ntchito dzuwa likadalipo.

M'bokosi lawo la katundu munali makalata aja, nsapato ziwiri zakale ndi chingwe chimene sichinamangepo kanthu. Okumba manda anati nthaka inali youma gwa, koma makasu ankalowa ngati m'dothi la mvula.

Kalata yawo yomaliza tinaitumiza pamodzi ndi nsapatozo, monga anapempha. Inali ndi mawu ochepa: "Alamu, nsapato zanu izi, mufunse mwini wake. Ndikupita kukaona chabwino chija. Ndikamuuza kuti munalimira. Tsalani bwino."

Ambuye awapatse mpumulo wosatha, ndipo ife atiphunzitse kufunsa tisananole, ndi kusachoka tisanatsanzike.